Botolo lomwe linalimba nditaliviika m'madzi otentha

Kwa milungu iwiri ndinkawerenga za methylcellulose, ufa wopangidwa kuchokera ku zomera womwe umasungunuka m'madzi, koma mutu wanga unkakana. Zinthu zomwe ndinazolowera zimasungunuka zikatenthedwa ndipo zimalimba zikazizira, monga kandulo, ayezi ndi gelatin. Ndiye kumva kuti pali madzi olenda amene amalimba ukawatenthetsa, n'kusungunukanso ukawaziziritsa, ndinkangoloweza kuti ndidzakhoze mayeso. Mumtima ndinali ndisanavomereze.

Tsiku loyamba mu labu ndinathira ufa wake m'madzi ozizira n'kuyamba kutakasa. Zinangopanga mibulu. Nditaphwanya m'bulu umodzi ndinapeza kuti kunja kwanyowa n'kukhala ngati kakhungu, koma mkati ufa uli gwa, wouma. Amene amatiyang'anira anayang'ana m'botolomo n'kunena kuti, "Yambani ndi madzi otentha, mukatero muziziritse." Ndinachita zomwezo. M'madzi otentha ufawu susungunuka, umangomwazika bwinobwino, ndipo umasungunuka pamene madziwo akuzizira. Ndinasakaniza magalamu 2 mu mamililita 100, n'kusiya mu furiji usiku wonse. M'mawa zinali zoonekera mkati ngati madzi, zolenda pang'ono.

Kenako ndinaviika botololo m'madzi ofunda n'kumakweza kutentha pang'onopang'ono, ndikulipendeketsa nthawi ndi nthawi. Titafika cha m'ma madigiri 50 Celsius, zamkatimo zinayamba kuyera ngati nkhungu. Ndinalizondotsa, ndipo palibe dontho lomwe linagwa: zinali zitalimba n'kukhala jelo. Ndinakhala nalo m'manja nthawi yaitali, likutentha zala, ndikungoliyang'ana.

Apa m'pamene zomwe ndinkawerenga zija zinayamba kumveka. Cellulose, amene amapanga makoma a maselo a zomera, ndi unyolo wautali wa glucose, mtundu wa shuga. Iyeyu sasungunuka m'madzi chifukwa maunyolo ake amagwirana okhaokha mwamphamvu. Glucose aliyense mu unyolomo ali ndi malo atatu a OH (oxygen wolumikizana ndi hydrogen), ndipo popanga methylcellulose amaika timagulu ta methyl (carbon mmodzi ndi ma hydrogen atatu) pa malo pafupifupi awiri mwa atatuwo. Timaguluti timatalikitsa maunyolo, madzi n'kupeza polowera. Koma methyl sagwirizana ndi madzi. Kukazizira, mamolekyulu a madzi amafola mwadongosolo mozungulira timaguluti ngati mpanda, n'kutiletsa kukumana. Kukatentha mpandawo umagumuka, timagulu ta methyl timafunana, maunyolo n'kulukana kukhala timaulusi, ndipo madzi amatsekeredwa mu ukondewo. Gulu la Timothy Lodge ku University of Minnesota linaonetsa kuti timaulusiti n'tonenepa pafupifupi ma nanometer 15 (milimita imodzi ili ndi ma nanometer miliyoni imodzi). Kuyera kuja ndinaona kunali kuwala kukumwazika pa timaulusi timeneti. Nthawi yonseyi ine ndinkayang'ana ufa, pomwe nkhani yaikulu inali pa khalidwe la madzi.

Phindu lake pachipatala n'losavuta kuliona. Ukhoza kusakaniza mankhwala kapena maselo amoyo ndi madziwa adakali ozizira, n'kubaya ndi jakisoni, ndipo akafika m'thupi amalimba pomwepo, mankhwala n'kumatuluka pang'onopang'ono popanda opaleshoni. Vuto n'lakuti thupi la munthu ndi madigiri 37, osati 50. Mlungu wotsatira tinathira mchere wa phosphate, ndipo jeloyo inayamba kugwira pa kutentha kotsikirapo, chifukwa mchere umalanda madzi omwe amatchinga methyl. Kuchulukitsa ufa kumathandizanso. Ku University of Toronto, gulu la Molly Shoichet linasakaniza methylcellulose ndi hyaluronan, chinthu cholenda chopezeka mwachilengedwe m'thupi, mu 2006, n'kupanga jelo yobaya pafupi ndi mtsempha wa msana wovulala, ndipo anaiyesa pa makoswe.

Chomwe chinandikoka mtima kwambiri ndi xyloglucan, unyolo wina wa shuga wokhala ndi nthambi, wochokera mu nthangala za bwemba. Mwachilengedwe salimba ndi kutentha. Koma ukachotsako magawo opitirira 35 pa 100 a galactose, shuga wa pa nthambi zake, pogwiritsa ntchito beta-galactosidase, enzyme (puloteni yofulumizitsa kusintha kwa zinthu) yomwe imadula shugayo, amayamba kulimba akafunda, ndipo ukachotsa wambiri amalimba pa kutentha kotsika kuposa kwa thupi. Kungosadza nthambi zina za molekyulu, khalidwe lake lonse n'kusintha. Ofufuza a ku Japan anamuyesa ngati chonyamulira mankhwala m'zaka za m'ma 1990.

Anzanga ena amakonda PNIPAM, polima (molekyulu yaitali ngati unyolo) yopangidwa mu labu yomwe imayamba kukana madzi pa madigiri 32 mosaphonya. Ndimawamvetsa, chifukwa zochokera ku zomera zimasiyana malinga ndi mbewu komanso kayeretsedwe kake, ndipo jelo zake n'zofewa moti sizingasenze katundu ngati fupa. Ine ndimapendekerabe ku zomera, poti methylcellulose ndi m'bale wake hypromellose akhala akugwiritsidwa ntchito m'mankhwala a m'maso ndi m'mapiritsi kwa zaka zambiri. Komabe chinthu chimodzi chimandidetsa nkhawa: thupi la munthu lilibe cellulase, enzyme yodula cellulose. Jelo ikabayidwa mkati, imachoka mosungunuka pang'onopang'ono, ndipo maunyolo aatali kwambiri impso zimavutika kuwasefa. Choncho kutalika kwa unyolo kuyenera kuganiziridwa mofanana ndi kutentha komwe jeloyo imalimbira.

Botolo langa lija nditalichotsa m'madzi otentha, ndinkayembekeza kuti likatsika pa 50 lisungunuka. Silinatero. Linakhalabe lolimba mpaka cha m'ma madigiri 30, chifukwa timaulusi tikalukana sitimasuka msanga. Mlungu wamawa ndikufuna kuika utoto m'jelo yothira mchere, kuisiya pa madigiri 37, n'kumayeza ola lililonse kuchuluka kwa utoto womwe watulukira m'madzi apamwamba.