Ndalikwera phiri la Soche, anthuni!

Loweruka ndinakwera phiri la Soche koyamba m'moyo wanga. Zaka zonsezi ndakhala ku Chilobwe, ndimangoliyang'ana ndikamatsuka m'kamwa panja. Koma adokotala atandiuza kuti BP yakwera, mimba iyi ichepe, ndinati basi.

Tinanyamuka 5 koloko m'mawa, anthu anayi. Musapite nokha, chonde. Poyamba ndinkathamangira kutsogolo ngati kamwana, koma pasanathe mphindi 20 mtima unayamba kugundira m'makutu. Ndinakhala pamwala, thukuta lili kamukamu. Mnzanga anangoti, "Achimwene, yendani moti muzitha kucheza, mukayamba wefuwefu ndiye kuti mwafulumira." Zinathandizadi. Pamwamba tinapeza amayi ena akupemphera, ife tikudya nthochi ndi mbatata yootcha, mzinda wonse uli pansi pathu.

Chomwe sanandiuze n'choti kutsika ndiye kowawa. Maondo ankanjenjemera, ndipo nsapato za pakaunjika zomwe ndinagula Lachisanu, osazivalako n'kamodzi komwe, zandisiyira matuza awiri kuchidendene. Muziyamba mwazizolowera kaye masiku angapo, zikhale zamanomano kunsi kuti musaterereke, ndipo sokosi zikhale zokhuthala. Madzi ndinatenga kabotolo ka theka la lita, kanatha tisanafike n'pakati pomwe. Ulendo wina ndi malita 2.

Pano ndikuyenda ngati nkhalamba, masitepe a kuntchito ndikuchita kuwaopa. Komabe lotsatira ndi la Michiru. Za Sapitwa, mamita 3,002 aja, musandifunse kaye, ku Mulanje ndikayambira pa Dziwe la Nkhalamba.

A ku Blantyre, ndani tipitire limodzi Loweruka likubwerali?