Katemera wa kudzikhulupirira ku California

Anthuni, za ku America izi zandisekesa. Mu 1986 boma la California linakhazikitsa komiti yapadera yoona za kudzikhulupirira, ndi ndalama za misonkho. Anayambitsa ndi John Vasconcellos, phungu wa chipani cha Democrat, ankati munthu ukamadziona kuti ndiwe wofunika ndiye katemera wa umbava, mankhwala ozunguza bongo, mimba za atsikana, kulephera sukulu, zonse. Bwanamkubwa George Deukmejian wa Republican anasayina lamulo lokhazikitsa komitiyo, lipoti lake linatuluka mu 1990, kenako masukulu ambiri kumangoyamikira ana chilichonse. Koma mu 2003 Roy Baumeister, katswiri wa za maganizo a anthu, ndi anzake ataunikanso kafukufuku anapeza kuti kudzikhulupirira sikukhozetsa mayeso, kawirikawiri kukhoza ndi komwe kumayamba. Koma mpaka komiti zoona?