Ndakhoza mayeso a Chisipanishi: zikomo nonse amene munandigwira dzanja

Abale ndi alongo, zotsatira za mayeso anga a Chisipanishi zatuluka ndipo ndakhoza. Ndi mayeso a DELE, gawo la A2, amene bungwe la Instituto Cervantes limalembetsa m'dzina la unduna wa zamaphunziro wa dziko la Spain. Ndisanatchule munthu aliyense ndiyambe ndi Mulungu, amene wandisunga ndi moyo kuno ku Madrid, nandipatsa mphamvu zophunzira pa msinkhu umene anthu ambiri amati mutu unauma kale.

Magawo a mayesowa alipo 6, kuyambira A1 mpaka C2, ndipo langali ndi lachiwiri kuchokera pansi. Koma aliyense amene anakhalapo kwa eni wopanda chilankhulo chawo akudziwa kulemera kwake. Munthu wamkulu, mayi wa ana, umangomwetulira ndi kugwedeza mutu anthu akamakufunsa, mtima uli phaphapha kuopa kuti mwina wavomera chimene sukuchidziwa. Ndinabwera kuno kutsatira bambo a kunyumba, ndili ndi Chichewa changa ndi Chingerezi cha ku sekondale, ndipo m'basi, pamsika ngakhale kuchipatala Chingerezicho sichinkandifikitsa patali. Ntchito imene ndinapeza, yosamalira agogo ena m'nyumba mwawo, inali yogonera konko. Makalasi a alendo alipo ndithu, ku masukulu a anthu akuluakulu otchedwa CEPA, ndi ku mabungwe othandiza anthu a Cáritas ndi Cruz Roja (Red Cross), koma nthawi yake inkawombana ndi yowasambitsa agogo ndi kuwamwetsa mankhwala. Chimene chinanditsalira chinali foni ndi mahedifoni.

Choncho zikomo yoyamba ipite kwa anthu amene sindinawaonepo nkhope, koma mawu awo ndimawadziwa kuposa a abale ena. Mphunzitsi wa Language Transfer, Mihalis Eleftheriou, anaika pa intaneti maphunziro 90 a Chisipanishi kwaulere, ndipo ntchito yakeyo imayenda ndi zopereka za anthu akufuna kwabwino. Iye amaphunzitsa wophunzira weniweni iwe ukumvera. Akafunsa funso, umaimitsa kaye, n'kuyankha wekha, kenako n'kumva ngati walondola. Amaletsa kuloweza, amaletsa kulemba, amati uziganiza. Ndi iye amene anandionetsa kuti Chingerezi changa chija chinali ndi mawu ambirimbiri a Chisipanishi obisalamo: ambiri othera ndi -tion amangosanduka -ción, ndipo mwadzidzidzi munthu umapezeka uli ndi mawu ochuluka usanatuluke thukuta.

Kenako bambo a kunyumba anandilipirira maphunziro a Pimsleur. Awa ndi a mphindi 30 phunziro lililonse, limodzi pa tsiku. Paul Pimsleur, katswiri wa zilankhulo wa ku America, anafotokoza njira yake mu 1967: liwu latsopano likufunsidwenso patangopita timasekondi, kenako patapita mphindi, kenako mawa lake, mpata ukunka nutalikira, kuti ulikumbukire pa nthawi imene linali pafupi kukuthawa. Ine ndachiona ndi maso kuti n'zoona. Liwu lili ngati moto wa nkhuni, ukapanda kusonkhezera umazima, koma sufunika kuusonkhezera mphindi iliyonse. Ndipo kwa amene mukufuna kuyesa njirayi ndinene motsindika: yankhani mokweza. Kumvera chamumtima kumakuthandiza kulizindikira liwu wina akalinena, koma pofuna kulinena wekha silibwera. Liwu limene ladutsa pa lilime lako ndi limene limakhala.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene maphunzirowa satiuza, poti anakonzera anthu a Chingerezi. Mavawelo a Chisipanishi ndi asanu omwe aja athu, a, e, i, o, u, ndipo amamveka monga timawanenera kwathu. Nthawi zambiri chimene chalembedwa ndi chimene umawerenga. Kachilembo kaja ka ñ ndi ny wathu wa nyama ndi nyumba. Kugwirizanitsa dzina ndi mawu olifotokoza, kumene Angerezi amadandaula nako, ife tinakulira momwemo, poti timati mwana wabwino koma chipewa chabwino osaganizira n'komwe. Ndinasangalalanso kukumana ndi zapato ndi carta, abale ake a nsapato ndi kalata zathu zimene zinatifika kudzera m'Chipwitikizi. Pamene pali phiri ndi pa l ndi r. Kwathu timazisinthanitsa popanda vuto, koma kuno pero, perro ndi pelo ndi zinthu zitatu zosiyana: koma, galu ndi tsitsi. Apa mahedifoni anandithandiza kumva kusiyanako, koma wondikonza lilime anali munthu.

Munthu ameneyo ndi agogo amene ndimawasamalira, ndipo apa mundilole ndichedwepo.

Agogo, Chichewa simuchimva, koma kalatayi ndidzakumasulirani ndekha, liwu ndi liwu, m'chilankhulo chimene munandiphunzitsa. Masiku oyambirira ndinkaika hedifoni khutu limodzi lokha, linalo n'kulisiya kuti ndikumveni mukaitana. Ndinkasenda mbatata kukhitchini ndikuyankha munthu wosaoneka, inu muli pa mpando wanu pafupi ndi windo, bulangeti pa maondo. Mukanatha kundiletsa, poti ndinali pa ntchito ndipo ndinu mabwana. Koma tsiku lina munagogoda pansi ndi ndodo yanu, n'kundikodola kuti ndichotse hedifoniyo ndikweze foni kuti nanunso muzimva. Kuyambira pamenepo phunziro lililonse tinkachita awiri. Wa m'foni akafunsa, ine ndinkayankha, inu n'kupukusa mutu kapena kuwomba m'manja ndi zala zanu zopindika ndi nyamakazi zija. Munandigwira chibwano n'kundionetsa pamene lilime liyenera kunjenjemera, kuseri kwa mano a m'mwamba. Masiku ena thupi linkakupwetekani moti chakudya munkachikana, koma phunziro simunalikanepo.

Ndinunso munandipatsa mawu a ntchito yanga. Maphunziro omvera ambiri amaganizira mlendo wodzaona malo: kuitanitsa khofi, kufunsa njira ya ku hotela, kugula tikiti ya sitima. Ena amaphunzitsa Chisipanishi cha ku Latin America, kumene galimoto ambiri amati carro pamene kuno amati coche, ndipo vosotros wa kuno, wonenera anthu angapo amene mumazolowerana, samugwiritsa ntchito. Koma ine ndinkafunika kudziwa dzina la thewera la akuluakulu, la choyendera chogwiriza ndi manja awiri chija, la mankhwala omwa usanadye kanthu m'mawa, la kuthamanga kwa magazi. Munkaloza chinthu ndi ndodo, n'kuchitchula, n'kudikira mpaka nditachinena bwino.

Zikomo kwa mwana wawo wamkazi wa agogo, amene ataona zimenezi anayamba kunditumizira mawu ojambula pa WhatsApp usiku akaweruka. Ankatchula liwu, n'kukhala chete kanthawi kuti ndibwereze, n'kulitchulanso m'chiganizo, ndendende monga amachitira a m'maphunziro aja. Anandijambulira ziwalo za thupi, zimene dokotala amafunsa, ndi zimene munthu anganene poimba 112, nambala ya pangozi. Anandiuza kuti adiresi ya nyumba ndiziinena mokweza tsiku lililonse mpaka izituluka yokha.

Usiku wina m'nyengo yozizira ndinamva kugunda ku bafa. Ndinawapeza agogo ali pansi pakati pa sinki ndi chitseko, mwendo utapindikira kunja, akubuula. Manja anga ankanjenjemera moti foni ndinaigwira ndi manja awiri. Koma atayankha a 112, mawu anabwera: se ha caído, agwa, zaka zawo, kuti akupuma ndipo akulankhula, msewu, nambala ya nyumba, nsanjika yachingati. Anandiuza kuti ndisawadzutse, ndiwafunditse, ndipo ndinamva zonse. Ambulansi itafika ndinatha kutchula mankhwala onse amene amamwa. Anathyoka fupa la m'chiuno, anawachita opaleshoni, ndipo lero akuyendanso pang'onopang'ono ndi choyendera chawo. Achemwali, inu mwana wa agogo, mawu munkajambula mutatopa aja anagwira ntchito usiku umenewo. Mulungu akudalitseni.

Zikomo kwa anzanga a ntchito ngati yangayi, amayi a ku Honduras ndi ku Peru amene timakumana pa mabenchi a ku paki tikatulutsa agogo athu kukawothera dzuwa. Inunso munasiya ana kutali, ndipo munandilandira ngati m'bale ndisanathe n'komwe kumaliza chiganizo. Munkalankhula pang'onopang'ono chifukwa cha ine, ndipo simunandisekepo. Zikomonso kwa mayi wa ku famase ya pakona, amene amandidikira kuti ndimalize kunena ndekha chimene ndikufuna ngakhale mzere uli kumbuyo kwanga.

Za mayesowo ndinene pang'ono, poti ena mwakhala mukundifunsa. Ali ndi mbali zinayi: kuwerenga, kumvera, kulemba ndi kulankhula. Amaziika m'magulu awiri, kuwerenga pamodzi ndi kulemba, kumvera pamodzi ndi kulankhula, ndipo pa gulu lililonse uyenera kupeza mamalikisi osachepera 30 pa 50. Ndiye kuti sungadalire khutu lokha. Pa kumvera ndi kulankhula ndinalowa mtima uli m'malo, poti kuyankha funso mwachangu ndi chimene ndinakhala ndikuchita tsiku ndi tsiku. Ngakhale pofotokoza chithunzi pamaso pa woyesa mawu sanandithawe. Koma kulemba maphunziro omvera saphunzitsa. Sakuuza pamene pakhala kachizindikiro ka pamwamba pa vawelo, sakuuza kuti h amalembedwa koma samveka, kapena kuti b ndi v zimamveka chimodzimodzi. Apa anandinyamula ndi bambo wina wa ku parishi kwathu kuno, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene Lamulungu lililonse Misa ikatha ankakhala nane pa benchi ya kumbuyo ndi cholembera chofiira, kuchonga timakalata timene ndinalemba mkati mwa sabata. Sanalandirepo kalikonse, ngakhale khofi ankakana kuti ndimugulire. Aphunzitsi, mamalikisi a kulemba aja ndi anu.

Bambo a kunyumba, zikomo. Ndalama ya mayeso, yopitirira mayuro 100, munaichotsa pa ndalama imene munkasungira jekete la nyengo yozizira, ndipo munapirira ndi lakale lija. Tsiku langa lopuma, m'malo moti ticheze Chichewa monga mtima unkafunira, munkandifunsa mafunso m'Chisipanishi tikuyenda mumsewu, kuloza zikwangwani kuti ndiwerenge. Pamene ndinkalira kuti sizikulowa, simunandinyengerere ndi mawu okoma okha, munkangoyatsanso phunziro lomwelo n'kukhala nane mpaka lithe.

Amayi anga ku Ntcheu, ndi inu alamu anga amene mukuthandizana nawo kulera ana athu: mtendere umene ndinali nawo wophunzira unachokera kwa inu. Ndikanakhala ndi nkhawa kuti ana sanadye kapena sanapite kusukulu, palibe liwu likanakhala m'mutu mwanga. Amayi, munkandifunsa pa foni kuti ndikuuzeni liwu limodzi latsopano nthawi iliyonse, ndipo munkalibwereza mpaka ana kumbuyoko n'kuyamba kulinena nawo. Pemphero lanu la m'mawa wa tsiku la mayeso ndinalimvera ndili pa khomo la chipinda cholembera, ndisanazimitse foni.

Satifiketi ya DELE siitha ntchito, ndi ya moyo wonse, ndipo ikafika ndidzaijambula kuti nonse muione. Agogo anena kale kuti tisapume, tiyambe kukonzekera gawo lotsatira la B1 sabata ya mawa, ndipo alamula mwana wawo kuti abweretse nyuzipepala kuti ndiziwawerengera mokweza masana alionse akatha kudya. Ndavomera ndi mtima wonse. Zikomo kwambiri nonse, Ambuye akubwezereni pamene mwachotsa.