Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Chaka cha ficar

M'gawo lapitali ndinakusiyani tili pachipata cha Calómue mu 1994, tikutuluka m'Malawi titasenza mapoto, makasu ndi kathumba ka mbewu. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo inali itatha ndi mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, koma bambo sanali munthu wothamangira zinthu. Anadikira kaye kuti amve ngati njira ya kumudzi kwathu ilibe mabomba okwirira.

Kumudzi sindinavutike, poti ku Angónia Chinyanja n'chomwechi. Pamene panavuta ndi kusukulu. Ku Dedza ndinali mu Sitandade 6, koma ku Ulónguè, likulu la Angónia, anandibweza ku terceira classe, kalasi yachitatu, chifukwa Chipwitikizi sindinkachidziwa ngakhale moni. Mnyamata wa zaka 14, mawu atayamba kale kunenepa, ndinkakhala pakati pa tiana tondilekeza m'chifuwa.

Aphunzitsi athu, amene tinkangowatchula kuti senhor professor, anandimvera chisoni. Anzanga akaweruka ankandiuza kuti, "Iwe mnyamata, tsala." Amalemba mneni mmodzi pabolodi, ine n'kumaimba mpaka kukhosi kuuma. Woyamba anali ficar: eu fico, tu ficas, ele fica, nós ficamos, vós ficais, eles ficam. Chimene chinanditsegula m'mutu n'chakuti ife wochita timamuika kutsogolo (ndi-, u-, a-, ti-), pamene iwo amamuika kumchira. Ukamva -o ndiye kuti ndi ine, ukamva -mos ndi ife. Vós ficais uja ndinamuloweza pachabe. Kunja kwa tchalitchi sindinamvepo munthu akuyankhula choncho, aliyense amangoti vocês ficam.

Ana obwera kuchokera ku Malawi tinkasokonezeka pa chinthu chimodzi: fica amamveka ngati fika wathu, chonsecho akutanthauza kutsala kapena kukhala pamalo. Mayi ankaseka kuti Azungu awa akauza mlendo kuti afike ndiye kuti sakufuna achoke.

Nthawi yakale ndiyo inali ndi msampha: fiquei, ficaste, ficou, ficámos, ficastes, ficaram. Pa fiquei, c amasanduka qu, chifukwa c akatsatana ndi e amamveka ngati s. Chimodzimodzi fique, amene ndi mawu aulemu. Mwana umamuuza fica, koma munthu wamkulu umati fique, ndipo aphunzitsi pamenepa sankasekerera ayi. Za mtsogolo buku linkati ficarei, pamsika anthu ankati vou ficar, ine ndinatsata a pamsika.

Ndimaonabe kuti anasankha bwino kuyamba ndi mneni ameneyu osati mayina a zipatso ndi ziwalo za thupi, monga amachitira ena. Ficar amayenda paliponse. Kufunsa njira: onde fica o hospital? Kudwala: fiquei doente. Kukwiya: ficou zangado. Wogulitsa akamakusiyira chenje amati fica com o troco, malaya akakukhala amati fica-te bem, ndipo potsanzikana amati fica bem, monga ife timati tsala bwino. Miyezi ingapo itapita ndinkatha kutumidwa kuboma kukafunsa za mapepala a bambo popanda womasulira.

Kumene mawuwa anachokera ndinakumva patapita zaka, ndili kale ku Beira, kumene ndinkathandiza makaniko wa masitima ogwira camarão, tinyama ta m'nyanja tofananako ndi nkhanu. Bamboyo anali wa kufupi ndi Vigo, ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa Spain. Iwo ankanditcha rapaz (mnyamata), ine ndinkawatcha chefe (bwana). Chimene chinkandidabwitsa n'chakuti sanaphunzirepo Chipwitikizi m'kalasi, koma ankamvana ndi aliyense padoko. Akayankhula cha kwawo, Chigalego, ndinkamva pafupifupi zonse.

Tsiku lina tikudikira sipeya ndinawafunsa, ndipo anandifotokozera kuti kale ziyankhulo ziwirizi zinali chimodzi, cha anthu a tsidya lino ndi tsidya ilo la mtsinje wa Minho, umene uli m'malire a Galicia ndi Portugal. Portugal itakhala ufumu paokha m'zaka za m'ma 1100, Chipwitikizi chinatsikira kummwera mpaka Lisbon, kenaka n'kuwoloka nyanja kudzafika kwathu kuno, pamene Chigalego chinatsala m'manja mwa mafumu a Castile, ku Spain. Ndinawaimbira ficar wanga uja, iwo n'kumandiyankha ndi wawo: fico, ficas, fica, ficamos n'chimodzimodzi, koma kenaka ficades, fican. Pa nthawi yakale amati ficaches m'malo mwa ficaste, ndi ficaron m'malo mwa ficaram. Anawonjezera kuti kwawo masiku ano ambiri amakonda kunena quedar, ficar amapezeka kwambiri m'mabuku.

Muzu wake ndi Chilatini, figere, kutanthauza kukhomera kapena kuzika chinthu kuti chisasunthe. Anthu wamba anaukoka n'kukhala figicare, ndipo m'menemo munatuluka ficar. Mbale wake fincar akadalipo m'Chipwitikizi, ndi amene amanena pozika mtengo pansi, ndipo Asipanishi ali ndi hincar. Chefe zonsezi ankazidziwa chifukwa mlongo wawo anali mphunzitsi wa Chigalego, ndipo ankazinena monyadira komanso mowawidwa mtima, poti m'nthawi ya Franco, amene ankalamulira Spain mwankhanza, chiyankhulo chawo sichinkaloledwa kusukulu. Ine zimenezo sizinali zachilendo: ku Ulónguè Chinyanja tinkachisiya pakhomo la kalasi.

Koma ndathamangira kutsogolo. Pakati pa Ulónguè ndi Beira pali zaka zimene ndinakhala ku Tete kwa amalume, ndikugulitsa madzi ozizira pafupi ndi mlatho wa Samora Machel, ndipo ndi kumene ndinakumana ndi mayi a ana angawa. Imeneyo ndi ya gawo 8.