Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Nyumba ya bambo ku Nkhotakota ikusowa wogula

M'gawo lapitalo ndinakufotokozerani za matenda a amayi ndi mmene tinagwirizanira pabanja kuti achoke ku Nkhotakota adzakhale nane ku Lilongwe, kufupi ndi madokotala. Lero ndikamba za nyumba imene anaisiya kumeneko. Nkhani yake sinathe, makiyi akadali m'chikwama changa.

Malemu bambo anamanga nyumbayi ndi malipiro a uphunzitsi, pang'onopang'ono. Njerwa anaumbira ndi kuotchera pamalo pomwepo, ndipo m'dzenje lomwe ankakumbamo dothi tinadzalamo nthochi. Ili ndi zipinda zogona zitatu, balaza lalikulu, khonde loyang'ana kum'mawa ndi mitengo ya mango imene imabereka mpaka nthambi kuthyoka. Ili kumtunda kwa msewu wa M5, ndawala yochepa kuchokera pa boma. Nyanja sioneka ukakhala pakhonde, koma mwera ukayamba mu June umamva mkokomo wake usiku wonse.

Pakati pa chaka cha 2023 tinakhala pansi ine, achimwene ndi amalume. Amalume, monga eni mbumba, sanafune n'komwe kumva mawu oti kugulitsa. Anavomera ataona malisiti a mankhwala a mlongo wawo. Tinagwirizana K30 miliyoni, tinalemba chikwangwani n'kuchikhomera pa mtengo wa mango wa kumsewu, ine n'kuika zithunzi pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Mumtima ndinkati ikamafika Khirisimasi tidzakhala titamaliza.

Ku Nkhotakota ndalama zilipo, koma zimabwera ndi nyengo. Wa mpunga amazigwira akakolola, wa nzimbe cha ku Dwangwa amadikira malipiro ake, msodzi amayang'ana nyanja. Ndipo munthu wa kwathu akazipata sagula nyumba yothaitha. Amapita kwa amfumu kukapempha malo, chaka chino aumba njerwa, chaka chamawa agula malata, simenti idzabwera ikadzabwera. Ndi mmenenso anamangira bambo. Ndiye kupeza munthu wotulutsa mamiliyoni makumi atatu tsiku limodzi n'kovuta kwambiri, ngakhale ambiri amene anabwera kudzaona anaikonda nyumbayo ndi mtima wonse.

Mmodzi mwa iwo sindimuiwala. Anali bambo wachikulire, mwini maboti a injini ndi zilimira, wochokera cha ku Chia. Anavula nsapato pakhomo ngakhale m'nyumba munali fumbi lokhalokha. Anayeza balaza ndi mapazi, kugogoda khoma lililonse ndi chala, kenako anakwera pa mpando n'kusuzumira m'silingi. Atatsika anati, "Mayi, amene anamanga nyumba iyi sanabe simenti. Ine ndaifuna. Koma ndikupatsani gawo limodzi usipa ukagwa, lina chaka chamawa, lotsala chaka chinacho." Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndimamukhulupirira. Koma matenda a amayi sakanadikira zaka zitatu. Amalume anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mwananga, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Landira zomwe ali nazo." Achimwene anakana, poopa kuti munthu akalowa m'nyumba ndi theka la ndalama, kumutulutsa ndi milandu. Tinamubweza bamboyo, ndipo anatsanzika mwaulemu.

Anthu a m'tauni ndiye ankaimba foni ambiri. Funso lawo linali limodzi: kodi ndi ya m'mphepete mwa nyanja? Akamva kuti ayi, chidwi chimathera pomwepo. Iwo amafuna mchenga, malo oti adzamange kotheji ngati za ku Senga Bay. Ena ankati Nkhotakota yatalika: makilomita pafupifupi 100 kuchoka ku Lilongwe kufika ku Salima, kenako ena oposa 100 pa msewu wokumbikakumbika wa milatho yopapatiza. Pamenepo sindikanawatsutsa, inenso msana umandiwawa ndikatsika minibasi.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Simenti ndi malata zinakwera, mankhwala a amayi nawo anakwera, ndipo K30 miliyoni ija inasanduka ndalama yosagula zomwe tinkawerengera. Tikweze mtengo? Wogula ngakhale pa mtengo wakale panalibe. Titsitse? Ndiye kuti thukuta la bambo tangolitaya. Tinausiya pomwepo, mitima ili m'mwamba.

Kenako kunabwera madzi. Kumapeto kwa February 2024 kunasefukira ku Dwangwa, nyumba zambiri zinagwa, anthu n'kukakhala m'misasa. Chaka chomwecho nyanja inakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ambiri a m'mphepete. Zithunzi zitafalikira, amene kale ankadandaula kuti nyumba yathu yatalikira nyanja anayamba kufunsa ngati madzi safika pakhomo. Ndinkawafotokozera kuti Dwangwa ili makilomita oposa 50 kumpoto kwa boma, ndipo pathu ndi pamtunda, sipanalowepo madzi chimangire. Koma kwa munthu wokhala ku Blantyre, Nkhotakota yense ndi mudzi umodzi.

Chimene chinandipweteka koposa ndi nkhani ya mapepala. Kunabwera namwino wina ndi mwamuna wake, banja laling'ono, ana awiri. Anawo anathamangira ku mango asanalowe n'komwe m'nyumba. Ine ndinaona kuti awa ndiwo oyenera kukhala m'nyumba ya bambo. Anapita kukafunsa ngongole ku banki, kumeneko anawauza kuti abweretse liizi, chikalata cha boma chotsimikizira umwini wa malo. Ife tilibe. Malowo bambo anapatsidwa ndi amfumu, umboni wake ndi kalata yolemba pamanja yokhala ndi chidindo, yomwe amayi anaisunga m'Baibulo zaka zonsezi. Kumudzi kalatayi ndi yokwanira, aliyense amadziwa malire athu, koma banki siilandira ngati chikole. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo otere, koma bambo anamwalira osaganizako, monganso anansi athu ambiri. Ngakhale liiziyo ikanakhalapo, chiwongoladzanja chinali chitakwera kale. Mu 2024 banki yaikulu ya dziko lino inaika mulingo wake wa chiwongoladzanja pa 26 peresenti, ndiye wokongola amalipira kuposa apo. Malipiro a namwino sangapirire zimenezo. Banja lija linakapeza ya lendi.

Za madobadoba ndingonena pang'ono. Wina anatenga ya mafuta kuti abweretse ogula, osaonekanso. Wina ankauza anthu mtengo woonjezera mamiliyoni asanu, ife osadziwa, ndipo mbiri inamveka pamsika kuti ana a aphunzitsi aja ndi adyera. Mawu amenewo anawafika amayi, ndipo anawalira.

Pakadali pano nyumba ikuonongeka. Chiswe chalowa m'mafelemu a kuchipinda chakumbuyo, mileme yadzaza m'silingi, fungo lake limakulandira ukangotsegula chitseko. Mnyamata amene timamulipira kuti azigonako amayesetsa kusesa ndi kulambula, koma pakhomo posaphikidwa nsima sipachedwa kukhala bwinja. Amayi akamva kuti ndikupita kumeneko amandituma ufa wa kondowole ndi utaka wouma, ndipo amandifunsa ngati mpopi wa kuseri ukudonthabe.

Mwezi wathawu tinagwirizana kuti tiyambe kulembetsa malowo, ngakhale zidya ndalama ndi nthawi. Amfumu avomera kudzaonetsa malire pamaso pa anansi onse, ndipo amalume akuyang'ana saveya. Sabata yatha bambo wa maboti uja anaimbanso foni. Akuti chaka chino nyanja yamukomera, ndipo atha kupereka magawo awiri pakamodzi, lachitatu pakutha miyezi isanu ndi umodzi, ndi kalata yosainirana pamaso pa loya. Achimwene sanayankhebe. Loweruka ndikupita kukakumana ndi achimwenewo kwa amalume, ndipo zomwe tikagwirizane ndidzakuuzani m'gawo 18.