Makoswe, anyani ndi anthu omwe timawatcha alesi

Sabata ino ndakhala ndikulimbana ndi topiki ya ubongo, gawo lija la makemikolo omwe maselo a muubongo amatumizirana nawo mauthenga, ndipo mwa onsewo amene wandikhala m'mutu ndi dopamine. Pa TikTok ndi pa Facebook anthu amangomutchula ngati kemikolo wa chisangalalo, eti ukadya kanyenya kapena ukawina beti ndiye kuti dopamine wakwera, koma zomwe zili m'manotsi mwathu ndi zina ndithu, ndipo zandichititsa kuganizira anthu omwe timangowanena kuti ndi alesi kuno ku Salima.

Nkhani yake yayambira pa makoswe. Kuli mkulu wina dzina lake John Salamone wa ku University of Connecticut, iyeyu wakhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambirimbiri. Amatenga khoswe wanjala n'kumuika m'kanjira ka mphanda, mbali ina kuli timibulu tachakudya 2 tongotola, mbali inayo kuli 4 koma kuti atipeze ayenera kukwera kaye kampanda. Khoswe wabwinobwino sachedwa, amakwera n'kukadya tambiri tija. Koma akamuchepetsera dopamine pa kachigawo kena ka ubongo kotchedwa nucleus accumbens, khoswe yemweyo amangokhotera kwa 2 kuja basi. Ndiye chomwe chinandisangalatsa ndi ichi, akachotsa kampanda kaja amabwereranso kwa 4. Kutanthauza kuti njala ali nayo, komwe kuli zambiri akukudziwa, mutu ukugwira bwinobwino, chomwe chachoka ndi mtima woti ndivutikire.

Wina ndi Kent Berridge wa ku Michigan, iye anaona kuti makoswe omwe dopamine wawathera pafupifupi yense sapita n'komwe pachakudya olo chili pafupi pomwepo, atha kufa ndi njala, koma ukawadonthezera madzi a shuga m'kamwa amanyambita milomo chimodzimodzi ngati anzawo. Kukoma akukumva, kudzuka kuti akatenge ndiye ayi.

Ine mmene ndamvera, dopamine ali ngati wakabaza wa pa Kamuzu Road. Ukamuuza kuti andifikitse kwakuti sangoyamba kupalasa, amayamba wawerengera kaye mtunda wake, mchenga wa njirayo, dzuwa la Okotobala lomwe likuswa mtengo, katundu yemwe wanyamula, kenako ndalama yomwe watchula, zikagwirizana akuti kwerani bwana, zikapanda kugwirizana akuti funsani ena. Ubongo ukuchita masamu amenewa tsiku lonse ife osadziwa, pa kuwerenga, pa kupalira, olo pa kutsuka mbale kumene.

Nanga mitengoyo ubongo umaidziwa bwanji? Apa ndiye pabwera anyani a Wolfram Schultz, amene anachita kafukufuku wake ku Fribourg ku Switzerland, ndipo zomwe anapeza zinatchuka kwambiri mu 1997 atalemba limodzi ndi anzake awiri. Nyani ukamupatsa kadontho ka juwisi mwadzidzidzi, maselo a dopamine aja amatakasuka. Ukamuzoloweza kuti kagetsi kakayaka ndiye kuti juwisi akubwera, maselo aja amasiya kudikira juwisi, amayamba kutakasuka pomwe kagetsi kayaka. Tsono tsiku lomwe kagetsi kayaka koma juwisi osabwera, pa nthawi yeniyeni yomwe amayembekezera ija maselo amakhala zii, kutsika kuposa mmene amakhalira masiku onse. Ubongo walemba m'kaundula kuti apa tanamizidwa.

Nditawerenga pamenepa ndinangoti koma abale. Taganizani mnyamata yemwe wapita kukadula mpunga m'madimba a ku Lifuwu, tsiku lonse ali chiweramire m'matope, pomaliza mwini munda akuti ubwere mawa sindinagulitse, mawa lakenso akuti abwana achoka. Zikachitika kangapo, tsiku lina mukamuuza kuti kuli ganyu iye n'kungokhala pa bawo, ife timathamangira kunena kuti achinyamata a masiku ano ndi alesi, chonsecho ubongo wake wangophunzira bwino phunziro lomwe tamuphunzitsa tokha. N'chimodzimodzi mwana wa Fomu 2 yemwe akuona achimwene ake anakhoza MSCE bwinobwino koma ali pakhomo chaka chachitatu, ukamuuza kuti limbikira sukulu amakuyang'ana ngati wamunamiza. Sindikuti ulesi kulibe, ulipo ndithu ndipo ena timawadziwa mayina, koma mawuwa timawatulutsa msanga kwambiri.

Pali kenanso komwe gulu la Schultz linapeza, koti maselowa amatakasuka kwambiri pomwe zinthu zili mwina-mwina, theka upeza theka supeza. Ku Senga Bay madzulo mukaona anyamata akukankhira bwato m'madzi, nyale zili m'manja, chilimira apakira, palibe amene akudziwa ngati abwerako ndi usipa wodzaza kapena angotentha mafuta, koma mawa apitanso. Tsoka lake a zobetcha anaidziwa kalekale nzeru imeneyi, ndipo foni nayo ndi momwemo, chala chikungokwera osadziwa kuti vidiyo yotsatira ikhala yotani, bando yonse phuu. Buku la Biology lilibe mwina-mwina ameneyu, malipiro ake ali kutali, ku mayeso, ndiye likapikisana ndi foni pa tebulo limodzi limagonja basi, sikuti iweyo ndiwe wopanda nzeru ayi.

Pa gulu lathu lowerengera tinakanganako pa kafukufuku wa ku Vanderbilt University wa mu 2012, wa Michael Treadway ndi David Zald. Anatenga anthu 25 n'kuwapatsa masewera odina batani, udine pang'ono upeze kandalama kochepa kapena udine kwambiri mwina upeze zochulukirapo, uku atawajambula ubongo ndi makina a PET. Omwe ankasankha zovuta anali ndi dopamine wambiri ku chigawo cha m'kati mwa ubongo chotchedwa striatum ndi kutsogolo kwa ubongo, pomwe omwe ankakonda zophweka anali nayenso wambiri koma ku chigawo china chotchedwa insula. Mnzathu wina anangoti mwaona, ine ndinabadwa ndi dopamine wolowera kolakwika, musamandidzutse 4 koloko. Tinaseka koma ine sindinavomere. Anthu 25 ndi ochepa, kudina batani mphindi zingapo si kulima ekala ya chinangwa, komanso chithunzi cha tsiku limodzi sichikuuza ngati munthu anabadwa choncho kapena moyo ndi umene unamuumba. Anyani aja mesa anaonetsa kuti zimenezi zimasintha ndi zomwe ukukumana nazo.

Zoti dopamine detox zomwe zadzaza pa intaneti, eti usiye kaye foni ndi zosangalatsa kuti utsuke dopamine m'mutu, ndiye zisiyeni, dopamine si dothi loti uchape. Akachepa zenizeni ndi matenda, Parkinson's, pomwe maselo opanga dopamine a ku chigawo cha ubongo chotchedwa substantia nigra amafa munthu n'kumanjenjemera ndi kuvutika kuyamba kuyenda. Arvid Carlsson wa ku Sweden ndi amene anaonetsa kufunika kwa kemikoloyu cha m'ma 1957, anadzalandira Nobel mu 2000.

Pa kawerengedwe kanga ndasinthako zingapo. Ndimadzuka m'mamawa kusanatenthe, chifukwa masana a kuno thukuta limadontha pa pepa inki n'kufalikira, foni ndimaisiya kuchipinda kwa amayi, ndipo m'malo mongoti lero ndiwerenga chaputala chonse ndimatenga mafunso a mapepala akale, kuyankha limodzi n'kudzichonga pompo. Kachongi kofiira kaja n'kakang'ono koma kamandikokera ku funso lotsatira. Tiyi wa usiku ndachepetsa, caffeine wa mu tiyiyo amangotseka malo omwe adenosine, kemikolo wa kutopa uja, amakhala, kutopako sikuchoka, kumangodikira.

Koma gawo lomwe aphunzitsi athu anangolidutsa mwachangu ndi lomwe ine ndaliona lofunika kwa ife a m'mbali mwa nyanja. Thupi limapanga dopamine kuchokera ku tyrosine, yemwe timamupeza mu zakudya monga usipa, nyemba, mtedza ndi mazira, ndipo kuti ntchito imeneyi itheke pamafunika ayironi. Kuno malungo ndi likodzo zimamaliza ana magazi mwakachetechete, ndipo magazi akachepa mpweya sufika mokwanira m'thupi, mwana amangofooka. Mwana wa achemwali anga ali Sitandade 6, ankangogona pa desiki, kunyumba kumutuma kumjigo mpaka ukalipe, tonse tinkangoti kamwana aka n'kaulesi ngati atate ake. Tsiku lina agogo ake anamugwira dzanja n'kumutambasula chikhatho, chinali mbuu, atamukoka chikope m'kati mwake moyera, pomufunsa bwinobwino ndi pomwe anaulula kuti pokodza kumapeto kumabwera magazi, amabisa chifukwa anzake omwe amasambira nawo amati ndi mmene mwamuna amakulira. Kuchipatala anamupatsa praziquantel, mankhwala a likodzo, ndi mapilitsi owonjezera magazi. Pano mpira akumenya mpaka kuchita kukamukoka pa bwalo kukada, kumjigo akupita koma mong'ung'udza, masamu okha ndiye akuwakanabe.