Patani ya m'sutikesi ya azakhali

Patani ija, pepala lotsatira podula nsalu ya diresi, ndinaipeza tsiku lomwe tinkayanika zovala za azakhali anga ku Mpondasi, ku Mangochi, njenjete zitalowa m'sutikesi yawo yachitsulo. Inali pansi penipeni, mu envulopu yofiirira ndi ukalamba, m'makona mwake mutadyeka. Pamwamba panali chithunzi chojambula pamanja cha amayi awiri atavala diresi logwira thupi pachifuwa ndi m'chiuno, siketi yake yotambalala mpaka kumusi kwa mawondo. Pakona panalembedwa Simplicity, ndipo chapansi pake "Size 14, Bust 34".

"Azakhali, kodi ichi si diresi lija la pachithunzi cha pabalaza?"

"Ndi lomwelo, mwanawe. Ugwire bwino, pepala limenelo ndi lalikulu kuposa mayi ako."

Anaipatsidwa ndi mphunzitsi wawo wa zosoka ali mtsikana, ndipo ngakhale nthawi imeneyo inali yakale kale. Chithunzi chija ndakhala ndikuchiyang'ana kuyambira ndili mwana: azakhali ataima chowongoka, chikwama m'manja, diresi litawakhala ngati anabadwa nalo. Kusoka ndimasoka, makina opalasa a Butterfly ndili nawo kunyumba, koma ntchito yanga yakhala ya mayunifomu a ana ndi kupinda masiketi. Patani ya pepala ndinali ndisanaigwirepo. Ndinapempha kuti andibwereke, ndipo anavomera nditalonjeza kuti sizasi siyandikira pepala lawo.

Chimene chikanandigwetsa poyambirira penipeni ndi nambala ija. Pa kaunjika ndimasankha 14, ndiye nditaona 14 mtima unakhala m'malo. Koma kuseri kwa envulopu kuli miyezo ya thupi: chifuwa mainchi 34, chiuno 26, m'mbina 36. Mng'ono wanga atandiyeza ndi tepi tinapeza chifuwa 38, chiuno 32. Makampani a mapatani a ku America, monga Butterick imene inayamba mu 1863 ndi Simplicity ya mu 1927, akhala akusintha manambala awo. Chisanafike chaka cha 1956, chifuwa cha mainchi 34 chinali saizi 16. Kuyambira 1956 chinakhala 14, ndipo mu 1968 chinatsikanso kufika pa 12. Ndiye envulopu yokhayo inandiuza zinthu ziwiri: kuti patani ya azakhali ndi ya pakati pa 1956 ndi 1967, komanso kuti si ya thupi langa. Mapatani a nthawi imeneyo ankabwera ndi saizi imodzi yokha mu envulopu, osati mizere ingapo yoti usankhepo monga a masiku ano. Chiuno cha 26 chija nachonso chili ndi chifukwa chake: amayi a kumeneko ankavala chovala chothina mkati chofinya mimba. Kuno kwathu, mwezi wa October dzuwa likuswa mtengo, palibe amene angachipirire.

Ndinatenga envulopu kupita nayo kwa atelala ena achikulire amene amasokera pakhonde la sitolo kufupi ndi msika. Iwo, monga atelala ambiri kuno, amadula ndi tepi ndi choko basi, molunjika pansalu. Ndinkaopa kuti andiseka. M'malo mwake anapukuta manja pa thalauza asanaigwire.

"Achemwali, mwaitenga kuti imeneyi? Ine ndili mnyamata wothandiza, pano pakutchedwabe Fort Johnston, abwana anga ankasokera akazi a ogwira ntchito pa Boma kuchokera m'mapepala oterewa."

Anandionetsa mmene pepalalo limalankhulira. Muvi wautali pakati pa chidutswa chilichonse ndi wosonyeza kumene ulusi wa nsalu uyenera kulowera. Timano tating'ono m'mbali ndi tosonyeza pamene chidutswa china chikumane ndi chinzake. Mizere yokumana ngati nsonga ya mkondo ndi madati, pamene nsalu imapindidwa n'kusokedwa kuti igwire thupi. Ndipo anandichenjeza chinthu chimodzi chimene ndikanalakwa ndithu: malo a msoko ali kale m'patani, 5/8 ya inchi, pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Ife tinazolowera kusiya chala kapena ziwiri kunja kwa choko. Ukatero pa patani yotere, diresi limatuluka lokhwepa paliponse. Magazini a Burda a ku Germany ndiwo amasiya kuti malo a msoko uwonjezere wekha, choncho ndi bwino kuwerenga kaye pepala la malangizo usanaganize kuti onse ndi amodzi.

Kukopera kunanditengera Loweruka lonse. Pepala la patani ndi lopyapyala ngati khungu la anyezi, ndipo m'mene linapindidwa zaka zonsezi munali mutayamba kung'ambika. Ndinalisita ndi simbi yongofunda pang'ono, makala atatsala pang'ono kuzima, nsalu yopyapyala ili pamwamba. Mapini sindinabayepo. Ndinkaliyala pa pepala lolimba la bulauni, n'kutsamiritsa ndi masosala ndi timiyala tosalala ta kunyanja, kenako n'kumazungulira ndi pensulo pang'onopang'ono. Timano, muvi ndi madati ndinakopera zonse, ndi kulemba dzina la chidutswa chilichonse m'Chichewa: kutsogolo, kumbuyo, dzanja, chapakhosi. Nyuzipepala ndinaikana chifukwa inki yake imatsalira pansalu. Madzulo omwewo pepala la azakhali linabwerera mu envulopu yake.

Kukulitsa ndi kumene kunandizunguza mutu, mpaka nditamvetsa masamu ake. Pachifuwa pankasowa mainchi 4. Patani imakupatsa theka la kutsogolo ndi theka la kumbuyo, popeza nsalu umadula itapindidwa pawiri. Ndiye thupi lagawidwa panayi, ndipo chidutswa chilichonse chimafuna inchi imodzi yokha. Maganizo oyamba amakuuza kuti ungowonjezera inchiyo m'mbali, kumusi kwa khwapa. Atelala aja anakana: "Mukatero khosi ndi mapewa zitsala za mwini wake, inu mulandira mimba yokha." Njira yake ndi kudula pepala lako lokopera kuchokera pamwamba mpaka pansi m'malo atatu, pafupi ndi khosi, pakati pa phewa ndi pansi pa khwapa, n'kutalikitsa zidutswazo pang'onopang'ono mpaka mipata yonse itakwana inchi imodzi, kenako n'kumata pepala lina kunsi kwake. M'chiuno munkasowa mainchi 6, kutanthauza inchi ndi theka pa chidutswa. Inchi imodzi inali itabwera kale ndi kudula kuja, theka lotsala ndinalipeza pochepetsa madati a m'chiuno.

Chitenje sindinachikhudze msanga. Ndinagula bedishiti yakale pa kaunjika n'kusoka mbali ya pamwamba yokha, ndi misoko italiitali yosavuta kumasula. Nditavala ndinaona zimene pepala silikanandiuza. Nsonga za madati zinali m'mwamba kwambiri, chifukwa mabra a nthawi imeneyo ankanyamula chifuwa m'mwamba mosongoka. Ndinazitsitsa ndi inchi imodzi. Kumsana nsalu inkakwinyika pamwamba pa chiuno, kusonyeza kuti msana wa patani ndi wautali kuposa wanga, ndipo mng'ono wanga anapinda chotsalacho ndi mapini ine nditaima. M'khwapa munali mothina moti kukweza dzanja ngati ukutenga ndowa pamutu kunali kosatheka. Ndinatsitsapo theka la inchi, ndi dzanja lomwe ndinalikulitsa kuti ligwirizane. Zonsezi ndinazibwezera pa pepala la bulauni, n'kusokanso kachiwiri kuchokera ku bedishiti yomweyo. Kachiwiriko ndi komwe ndinadziwa kuti ntchito iyenda. Ena amaona ngati kumeneku ndi kutaya nthawi ndi ulusi, koma ine sindingadulenso nsalu yogula ndi ndalama zanga ndisanayese chonchi.

Nsalu ndinaisankha ndi azakhali. Envulopu imatchula mayadi a nsalu ya mainchi 35 m'lifupi, yomwe inali yofala kalelo, ndi a nsalu ya 45. Chitenje chimayandikira 45. Tinagula zitenje zitatu zosadula kuti ndikhale ndi mpata wolinganiza maluwa. Azakhali ankangokhudza nsalu iliyonse n'kupukusa mutu, akukumbukira za ku fakitale ya David Whitehead ku Blantyre zimene ankavala ali mtsikana, za thonje lenileni. Masiku ano zitenje zambiri zonyezimira pamsika ndi za poliyesita, zokongola pa maso koma zophika thupi. Kuyesa kwake n'kosavuta: sololani ulusi umodzi m'mphepete n'kuyatsa ndi machesi. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, poliyesita amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Tinatenga ya buluu wakuda ya timaluwa ting'onoting'ono toyera. Zitenje za zithunzi zikuluzikulu ndimazikonda, koma pa diresi la madati anayi kutsogolo, chithunzi chachikulu chimaduka pakati n'kuoneka ngati cholakwika. Ndinaichapa kaye kuti sitachi ichoke ndiponso kuti ngati ili yofupika ifupikiretu, n'kuyanika pamthunzi.

Ndinadula m'mamawa pakhonde, pa mkeka, kusanatenthe. Muvi uja ndinauyeza ndi tepi kuchokera m'mphepete mwa nsalu, kumutu ndi kumchira, kuti mtunda ukhale wofanana. Timaluwa tinali ndi timitengo toloza mbali imodzi, ndiye zidutswa zonse zinayenera kugona mutu kumodzi. Laining'i ya nayiloni imene ambiri amaika sindinaifune n'komwe. Pakhosi ndinangoika kansalu kobwezera mkati, monga patani imanenera.

Kusoka kwenikweni kunayamba bwino: madati, mapewa, khosi, manja. Makina a ovaloko ndilibe, choncho m'mphepete mwa msoko uliwonse ndinkapinda pang'ono n'kusokanso, mmene azakhali ankachitira. Msoko uliwonse ndinkausita ndisanapite pa wina, ndipo apa ndi pamene diresi losoka kunyumba limasiyana ndi looneka ngati la m'sitolo. Simbi ya makala imafuna maso; kamoto kamodzi kanagwera pa nsalu yophimbira n'kuiboola, chitenje chinapulumuka chifukwa chinali pansi pake.

Pa siketi ndi pomwe ndinagwira njakata. Ndi nsalu zitatu zolumikiza, zopitirira mamita atatu kuzungulira, zoti zikwinyidwe mpaka zikwane chiuno cha mainchi 32. Ndinasoka mizere iwiri ya msoko wautali kuzungulira konse, n'kuyamba kukoka ulusi wa kubobini. Nditafika cha pakati, ulusi unangoti phwa, makwinya onse a ola lathunthu n'kumasuka. Ndinakhala pansi kwa kanthawi, misozi ili pafupi. Tsiku lotsatira ndinafotokozera atelala aja.

"Kuthamanga si kufika, achemwali. Igaweni panayi. Chigawo chilichonse chikhale ndi ulusi wakewake."

Ndinatero. Ndinaika mapini anayi pa siketi ndi anayi m'chiuno mwa diresi, kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, n'kukumanitsa pini ndi pini. Chigawo chilichonse ndinkachikoka pachokha, kumanga ulusi pa pini, n'kusalaza makwinya ndi chikhadabo mpaka atagona mofanana. Ndinadutsamo kaye ndi singano ya pamanja ndisanapalase makina. Zipi ya madiresi amenewa imakhala m'mbali, kumanzere, kuyambira pansi pa khwapa kudutsa m'chiuno, kuti kumsana kukhale kosalala. Imeneyonso ndinayamba ndi manja. Thumba ndinaika limodzi lokha kumanja, ngakhale patani ilibe, chifukwa foni iyenera kukhala penapake.

Popinda m'munsi ndinabwerera ku Mpondasi. Ndinaima pa simenti nditavala nsapato zimene ndidzavalire diresilo, azakhali atakhala pa kampando ndi ndodo yoyezera, akubaya mapini kuzungulira. Ine ndinkafuna lithere pa bondo penipeni. Iwo anatsitsa mainchi atatu osandifunsa.

"Azakhali, malamulo aja anatha kale."

Ankadziwa zimene ndikunena. Lamulo la kavalidwe la mu 1973, nthawi ya Kamuzu Banda, linkaletsa akazi kuvala thalauza ndi siketi yoonetsa mawondo, ndipo linachotsedwa dziko litasankha zipani zambiri pa referendamu ya 1993. Anandiuza kuti anzawo ena ankamasula mipendero ya madiresi awo usiku kuti atalike, ena n'kulumikiza nsalu ya mtundu wina m'munsi. Koma pa diresi ili, anati, nkhani si lamulo. "Taona pachithunzipa. Siketi yotere ikafupika, kulemera kwake kumatha, imangouluka. Imafuna utali kuti igwe bwino." Ndinayang'ana pagalasi ndipo ananena zoona. Mpenderowo ndinausoka pamanja, madzulo awiri, singano ikutola ulusi umodzi kapena iwiri ya nsalu kuti kunja kusaoneke kanthu.

Ndinalivala koyamba ku ukwati wa msuweni wanga kutsidya kwa Shire. Ndinadutsa wapansi pa nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, ndipo pa mlatho wa Bakili Muluzi mphepo ya mumtsinje inalowa m'siketi n'kuidzaza. Sindinayembekezere kuti diresi la nsalu yambiri chonchi lingakhale lozizira kuposa masiketi othina amene ndinazolowera, koma mpweya umayenda momasuka m'miyendo. Kutsidyako ndinakwera kabaza, ndipo apo pamafunika kusonkhanitsa siketi yonse pamiyendo kuti isakodwe m'masipoko. Amayi atatu anandifunsa kuti anasoka ndani, mmodzi mpaka anajambula kumsana kwake pa foni kuti akaonetse telala wake.

Azakhali sanayankhule zambiri pa ukwatipo. Titabwerera kunyumba anandiitana, n'kutembenuza m'munsi mwa siketi kuti aone mpendero, kenako anatsegula zipi n'kuyendetsa chala m'misoko ya mkati. Atatha analowa kuchipinda n'kutuluka ndi envulopu ina imene tsiku loyanika zovala lija sanandionetse, ya bulauzi ya kolala yozungulira ndi mabatani kumsana.

"Iyi chidutswa cha dzanja chinasowa kalekale," anatero. "Ukawafunse atelala akowo ngati angakuthandize kulijambula."

Pepala la bulauni ndagula kale, ndipo theka la bedishiti ija lidakalipo.